Mkazi ndi Mwamuna Wake pa Chiwongolero Chimodzi

Amayi anzanga, pali ntchito ina imene akazi a m'dziko muno akhala akuigwira kuyambira kalekale popanda malipiro, ndiyo ntchito yodikira mwamuna amene ali pa ulendo. Agogo athu kuno ku Phalombe anadikira amuna awo amene anatengedwa ndi Wenela kupita ku migodi ya ku Joni, ndipo ena anadikira amene anapita ku mapulazi a ku Halale. Mwa amunawo ena anabwerera ndi njinga ndi mabulangete, ena anatchona, ndipo ena anathera m'ndege ija inagwa ku Francistown m'chaka cha 1974. Masiku ano Wenela kulibenso, koma kudikira kukadalipo. Amene akudikira tsopano ndi akazi a madalaivala a mathiraki, amene amaona mwamuna masiku owerengeka pa mwezi, ndipo masiku otsalawo amangomva mawu ake pa foni ali kutali.

Ulendo wa amuna amenewa si wachabe ayi. Dziko lathu lilibe doko la pa nyanja ya mchere, chotero feteleza amene timathira m'munda, mafuta a galimoto, zitsulo ndi mankhwala ambiri a m'chipatala zimatsikira ku madoko a anzathu, ku Beira ndi ku Nacala m'dziko la Mozambique, ku Dar es Salaam m'dziko la Tanzania, ndiponso ku Durban m'dziko la South Africa. Fodya, tiyi, shuga ndi nandolo wathu zimatulukiranso komweko. Katundu wochuluka mwa ameneyu amayenda pa msewu. Kuchoka ku Blantyre kukafika ku Beira ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 800, ndipo ku Durban ndi makilomita oposa 2,000. Thumba lililonse la feteleza limene lafika pa Nambazo, dziwani kuti pali munthu amene analigonera m'njira.

Ine kwathu ndi kwa Chiwalo, kufupi ndi nyanja ya Chilwa ndi malire a Mozambique. Ndine mayi wa ana atatu, ndipo sukulu ndinalekeza Fomu 2. Lero ine ndi amuna anga tili ndi laisensi ya gulu limodzi, ndipo timayendetsa thiraki imodzi mosinthana. Amayi ambiri akhala akundifunsa, ena ku chigayo, ena potuluka m'tchalitchi, kuti zimenezi zinatheka bwanji ndiponso ngati banja lingapirire moyo wotere. Ndaona kuti ndi bwino ndiyankhe pamodzi pa tsamba lino, ponena zokoma zake ndi zowawa zake zomwe.

Kwa zaka zambiri amuna anga ankayendetsa lole ya munthu wina, kunyamula nandolo ndi mpendadzuwa kuchokera m'misika ya kwathu kuno kupita ku Limbe. Ntchito imeneyi inali ya nyengo, pakuti zokolola zikatha nayonso lole inkaima. Ine ndinkachita geni ya matemba ouma. M'chaka cha 2018 nyanja ya Chilwa inaphwa, monga inachitiranso mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mabwato anagona pa matope ong'aluka. Geni yanga inathera pomwepo. M'mwezi wa Malichi 2019 madzi osefukira anakokolola chimanga m'munda. Apa m'pamene amuna anga ananena kuti afuna kukweza laisensi yawo, kuti apeze ntchito ya chaka chonse pa mathiraki otuluka kunja.

Ndinadziwa tanthauzo la mawu amenewo, chifukwa ndinali nditaona anzanga amene amuna awo anatsata njira yomweyo. Ndalama inkafika ndithu, koma mwamuna ankasanduka mlendo pa nyumba pake, ndipo ena ankamveka kuti ali ndi khomo lina m'njira. Tsiku lina titatha kudya ndinati, "Bambo, ngati ulendo ndi wa ku Beira, ndiye tipitire limodzi. Ndiphunzire nanenso." Iwo anakhala chete kanthawi, kenaka anafunsa kuti, "Amayi, mukunena zoona kodi, kapena n'zocheza?" Nditawatsimikizira, anati nkhani yotere siingathere m'nyumba mwathu mokha, iyenera kufika kwa akuluakulu.

Inu mukudziwa mwambo wa ife Alhomwe. Mwamuna amabwera kudzakhala kwa mkazi, munda ndi wa ku chikazi, ndipo ana ali m'manja mwa mwini mbumba. Tsono mkazi akachoka pa mudzi, chimene chimagwedezeka ndi chachikulu kuposa mwamuna akachoka. Tinaitana atsibweni anga, amayi ondibala, ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Atsibweni anafunsa mafunso atatu okha: ana atsala ndi yani, munda alima ndani, ndipo tikapanda kupeza ntchito ngongole abweza ndani. Mafunso amenewa anali olungama, ndipo mayi aliyense amene akuganiza za njira imeneyi ayambe wawayankha asanalipire ngakhale tambala ku sukulu yoyendetsa galimoto. Tinagwirizana kuti ana akhala ndi mng'ono wanga pa khomo lomwelo, pansi pa diso la agogo awo, ndipo kuti mng'ono wangayo tizimupatsa kanthu mwezi ndi mwezi monga wogwira ntchito, pakuti kulera ana a mnzako n'kutopa ndithu. Munda tinaugawa pawiri, mbali ina tizilimitsa aganyu, mbali ina tibwereke mlongo wanga. Za ngongole tinalonjeza kuti sitikhudza munda kapena nyumba, tidzagulitsa mbuzi ndi kutapa ku banki m'khonde basi.

Apongozi anga anali ndi nkhawa ina. Anati, "Kodi mwana wanga, udzavala buluku pakati pa amuna?" Musawaseke ayi. Iwo anakula pa nthawi imene lamulo la 1973 linkaletsa akazi kuvala buluku poyera, ndipo lamulolo linathetsedwa m'chaka cha 1993, iwo ali kale ndi ana akuluakulu. Ndinawayankha mwaulemu kuti chitenje chikhoza kukodwa pokwera makwerero a thiraki kapena pogwada pansi pa ngolo, koma kuti ndikatsika pa gulu la anthu ndidzamanga chitenje pamwamba pake. Mpaka lero ndimachita chomwecho.

Tsopano ndifotokoze za makwerero a laisensi, chifukwa apa m'pamene anthu ambiri amasokonezeka. Nkhani zonse za ziphaso zoyendetsera galimoto zili m'manja mwa nthambi ya boma yotchedwa Directorate of Road Traffic and Safety Services, imene tonse timangoitchula kuti Road Traffic, ndipo ili ndi maofesi ku Blantyre, ku Zomba, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Munthu amapita ndi chiphaso chake cha unzika, amamujambula nkhope ndi kumudinda zala, ndipo dzina lake limalowa m'kompyuta. Amayezedwa maso. Kenaka amalemba mayeso a malamulo ndi zizindikiro za pa msewu, ndipo akakhoza amalandira chiphaso cha wophunzira. Ndi chiphaso chimenechi amaphunzira pa msewu ali ndi mphunzitsi pambali pake, kufikira tsiku loyesedwa ndi woyesa wa boma.

Malaisensi a m'dziko muno amatsata magulu amene maiko a m'bungwe la SADC anagwirizana. Gulu B ndi la galimoto yaing'ono yosapitirira makilogalamu 3,500. Gulu C1 ndi la lole yolemera kuposa pamenepo kufikira makilogalamu 16,000, ndipo gulu C ndi la yoposa makilogalamu 16,000. Thiraki yaikulu yokoka ngolo, imene mumaiona itasenza kontena kapena matumba a feteleza, imafuna gulu EC. Pamwamba pa laisensi, woyendetsa galimoto ya malonda amafunikanso chilolezo china chotchedwa Professional Driving Permit, mwachidule PrDP. Chilembo G pa chilolezochi ndi cha katundu, P ndi cha anthu okwera, ndipo D ndi cha katundu woopsa monga mafuta. Chilolezochi chimatha ndipo chimayenera kukonzetsedwanso pa nthawi yake. Wofuna kutuluka m'dziko ayeneranso kukhala ndi pasipoti.

Amuna anga anali kale ndi C1, pamene ine ndinayambira pansi penipeni. Ndinatenga B kumapeto a 2019, ndikugona kwa mbale wanga ku Limbe masabata onse a maphunziro. Mliri wa Covid-19 unatiimitsa m'chaka cha 2020. Ndinakwera ku C1 mu 2021, ndipo chaka chimenecho ndinayendetsa nawo lole ija ya nandolo kuti manja azolowere. M'chaka cha 2022 m'pamene tonse awiri tinalowa sukulu ya thiraki yokoka ngolo ku Blantyre. M'mwezi wa Meyi chaka chomwecho ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100 iliyonse, ndipo zimene tinasunga zinachepa m'manja mwathu tisanazigwiritse ntchito. Mbuzi ziwiri zimene tinafuna kusiyira ana zinapitanso. Pa chifukwa chimenechi sindilemba mitengo pano, pakuti imasintha kawirikawiri. Kafunseni nokha pa ofesi ndi pa sukulu, ndipo mulandire lisiti pa ndalama iliyonse imene mwapereka. Safunsa anadya phula.

Ndichenjezeponso za anthu aja amatchedwa madobadoba, amene amalonjeza kuti akupezerani laisensi popanda mayeso. Pepala akhoza kukupatsani, kaya lenileni kaya labodza, koma luso sangakupatseni. Pa chitsikiro cha phiri, muli ndi matani 30 kumbuyo kwanu, pepala silingagwire buleki. Sankhani sukulu yovomerezeka ndi boma, ndipo musanalipire kaoneni ndi maso anu ngati ili ndi thiraki yeniyeni yokhala ndi ngolo, ndiponso mufunse kuti wophunzira mmodzi amakhala nthawi yaitali bwanji pa chiwongolero tsiku lililonse.

Kuphunzira pamodzi ndi mwamuna wako kuli ndi ubwino wake ndi msampha wake. Ubwino wake ndi wakuti madzulo mumafunsana zimene mwaphunzira, ndipo wina akafooka mnzake amamulimbitsa. Msampha wake ndi wakuti mwamuna amene wayendetsa lole zaka zambiri amafuna kukhala mphunzitsi wachiwiri, ndipo mkazi amene akuuzidwa zinthu ziwiri nthawi imodzi amasokonezeka. Mphunzitsi wathu, bambo wachikulire amene anayendetsapo m'njira ya ku Tete m'zaka za nkhondo ya ku Mozambique isanathe mu 1992, pamene mathiraki ankayenda pa mdipiti moperekezedwa ndi asilikali, anaika lamulo tsiku loyamba lomwe. Anati, "M'galimoto muno mulibe mwamuna ndi mkazi wake, muli ophunzira awiri. Wina akakhala pa chiwongolero, winayo atseke pakamwa." Amuna anga anamvera lamuloli, ndipo ndimawalemekeza pa chimenechi, chifukwa si amuna onse amene angakhale chete mkazi wawo akuphunzitsidwa ndi munthu wina pamaso pawo.

Anthu amaganiza kuti thiraki imafuna mphamvu za chimuna. Mathiraki a masiku ano chiwongolero chake n'chofewa, ndipo mayi amene amasinja chimanga ndi kusenza ndowa ya madzi ali nazo kale mphamvu zokwanira. Chimene thiraki imafuna ndi maso ndi kudekha. Pokhota, matayala a ngolo satsata pamene mutu wadutsa, amadula njira cha m'kati, chotero uyenera kupita patsogolo ndithu usanakhote, apo ayi ngolo ikwera pamene paima anthu. Pobwerera m'mbuyo, ukapotoza chiwongolero kumanja ngolo imathawira kumanzere, ndipo uyenera kuiwongola pang'onopang'ono ukuyang'ana magalasi onse awiri. Pali malo pambali pa thiraki ndiponso patsogolo pake penipeni pamene dalaivala saona kanthu, ndipo m'malo amenewa m'mene amakonda kulowa a kabaza ndi ana a sukulu.

Mabuleki a thiraki amagwira ntchito ndi mpweya. M'mawa ukaliza injini uyenera kudikira kuti mpweya udzaze m'matanki ake, ndipo uyenera kumvetsera ngati pali pamene ukutuluka. Pa chitsikiro, monga pa Chiweta kumpoto kapena potsikira ku Chikwawa, ulowetse giya yamphamvu yoyenda pang'onopang'ono usanayambe kutsika, kuti injini ikuthandize kugwira katundu. Ukadalira kuponda buleki kokhakokha, mabuleki amatentha ndipo amaleka kugwira. Kuchotsa giya pa chitsikiro pofuna kupulumutsa dizilo ndi njira ya ku manda. Polumikiza mutu ndi ngolo, chikhomo cha ngolo chimalowa m'mbale yachitsulo ya pa mutu, ndipo uyenera kugwada ndi kuona ndi maso ako kuti chatsekeka, kenaka ulumikize mapaipi a mpweya ndi nthambo ya magetsi, ukweze miyendo ya ngolo, ndi kukoka pang'ono poyesa. Tinaphunziranso kuyala katundu mofanana ndi kumanga tenti, chifukwa pa sikelo ya magalimoto, monga ya ku Balaka, amayeza kulemera kwa mzere uliwonse wa matayala, ndipo katundu akaunjikana mbali imodzi pamakhala chindapusa.

Tinayesedwa masiku osiyana, ndipo tonse tinakhoza. Komatu laisensi ndi khomo chabe, ntchito ili m'kati. Kuno kwathu eni mathiraki ambiri amalemba dalaivala mmodzi pa thiraki imodzi. Mwambo wa madalaivala awiri osinthana ndi wodziwika kwambiri ku America, kumene mabanja ambiri amagwira ntchito imeneyi pamodzi. Kumeneko lamulo limalola dalaivala kuyendetsa maola 11 okha, kenaka apume maola 10 motsatizana, tsono pakakhala awiri thiraki imayenda usana ndi usiku osaphwanya lamulo. Ku Ulaya lamulo limati dalaivala akayendetsa maola 4 ndi theka apume mphindi 45, ndipo kawirikawiri asapitirire maola 9 pa tsiku. Ife tinayenda m'makampani angapo. Ena anaseka, ena anati alemba bambo okha, ndipo wina anati ndikhoza kukwera nawo monga mkazi woperekeza mwamuna wake, wopanda malipiro. Zimenezo tinazikana. Lamulo la za ntchito la m'chaka cha 2000 limaletsa kusala munthu pa ntchito chifukwa ndi mkazi, ndipo limati ntchito yofanana ilandire malipiro ofanana. Patapita miyezi, mwini kampani ina yaing'ono, amene anali atataya thiraki chifukwa dalaivala anasinza, anavomera kutiyesa. Tinapempha kuti aliyense akhale ndi kalata yakeyake ya ntchito ndi malipiro akeake. Amayi anzanga, pa mfundo imeneyi musagonje. Dzina lanu likapanda kulembedwa, tsiku la ngozi mudzawerengedwa ngati munthu wongopempha matola.

Njira yathu ya kawirikawiri ndi ya ku Beira. Timatulukira pa chipata cha Mwanza n'kulowa pa Zobue, timadutsa Moatize, timawoloka Zambezi pa mlatho wa Kassuende umene unatsegulidwa mu 2014, kenaka Changara, Guro, Catandica, Chimoio, Inchope, Dondo mpaka ku doko. Mwayi wake ndi wakuti ku Mozambique, monganso ku Zimbabwe, ku Zambia, ku Tanzania ndi ku South Africa, magalimoto amayenda kumanzere ngati kwathu kuno. Chipwitikizi chochepa chimene ife a m'malire timatola tili ana chandithandiza kwambiri pa zipata. Timasinthana pakatha maola anayi, potengera nzeru ya ku Ulaya ija, ndipo posinthana timazungulira thiraki yonse kuona matayala, zingwe ndi magetsi.

Wina asaganize kuti madalaivala awiri amachepetsa ulendo ndi theka. Pa chipata ndi pa doko mzere ndi umodzi kwa onse, ndipo mapepala akachedwa mumagona pomwepo masiku, kaya muli awiri kaya mmodzi. Tulo ta pa bedi la kumbuyo kwa mipando thiraki ikuyenda si tulo tokwanira, chotero pakati pa usiku timaima pa malo otetezeka n'kugona tonse. Phindu lenileni limene ndaliona ndi lakuti palibe amene amayendetsa maso akulemera, wina akamalondola mapepala mnzake amakhala akulonda katundu ndi dizilo, ndipo tayala likaphulika pa tchire pali manja anayi. Mutu umodzi susenza denga. Ndalama ya m'njira nayo imakhalitsa, pakuti timanyamula ufa, nyemba, matemba ndi mbaula, n'kumaphika tokha.

Zovuta za mkazi pa msewu ziliponso ndipo sindizibisa. Malo ambiri oimapo mathiraki anamangidwa poganizira amuna okha, ndipo posamba ndi podzithandiza pa mkazi n'posowa. Ndimayenda ndi ndowa yanga ndi chigubu cha madzi. Ena akaona mkazi akutsika m'thiraki amayamba aganiza zoipa, kufikira ataona kuti ndi iye amene akuibweza m'mbuyo kulowetsa pa mzere. Madalaivala anzathu ambiri tsopano amanditchula kuti alamu, ndipo amandipatsa ulemu. Kukhala pansi tsiku lonse kumatupitsa miyendo, chotero timayenda pansi tikaima, timagona m'neti chifukwa cha udzudzu wa ku Zambezi, ndipo timayezetsa magazi ndi kuthamanga kwa magazi tonse awiri pamodzi.

Nanga banja limakhala bwanji m'kachipinda kochepa chotero, usana ndi usiku? Tili ndi malamulo athu awiri. Loyamba ndi lakuti amene ali pa chiwongolero ndiye mutu wa thiraki pa nthawi imeneyo, ndipo mnzake amalankhula pokhapokha waona choopsa. Lachiwiri ndi lakuti nkhani za ku nyumba, za ndalama kapena za achibale, sizikambidwa injini ikulira. Zimadikira mpaka tiime ndi kudya. Munthu wokwiya amaponda mafuta mosadziwa, ndipo mkangano umene pa khonde ukanathera pa kutukwanizana chabe, pa msewu ukhoza kupha anthu osalakwa. Pa mudzi amuna anga ndi bambo a pa khomo monga kale, ndipo ulemu wawo sunachepe chifukwa chakuti ndimadziwa kulowetsa giya.

Chinthu cholemera koposa zonse ndi ichi: bambo ndi mayi a ana atatu ali m'galimoto imodzi. Ngozi ikachitika, ana akhoza kutaya onse awiri tsiku limodzi. Mfundo imeneyi tinaiyang'ana maso ndi maso. Tinalemba wilo motsata lamulo la za chuma cha masiye la m'chaka cha 2011, tinatchula ana athu pa mapepala a ku ntchito, ndipo atsibweni akudziwa kumene mapepalawo ali. Koma tsoka likhozanso kugwa mbali ya ku mudzi. M'mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa mapiri ndi kukokolola midzi ku Phalombe, ku Mulanje, ku Chiradzulu ndi ku Blantyre, ife tinali ku Mozambique ndi katundu wa eni ake. Mafoni a kwathu sankagwira. Kwa masiku atatu sitinadziwe ngati ana ali moyo. Amuna anga ankayendetsa, ine ndikuimba nambala iliyonse imene ndinali nayo, kenaka tinkasinthana. Tsiku lachinayi mng'ono wanga anapeza poimbira, nati onse ali pa sukulu pamene anthu anathawira, khitchini yokha ndiyo yagwa. Amayi ondibala, amene anaona napolo wa mu 1991, anati madzi a ulendo uno anaposa.

Kuyambira pamenepo tinapangana ndi bwana wathu kuti m'miyezi ya mvula yamphamvu, kuyambira Januwale mpaka Malichi, ine ndizitsala pa mudzi, ndipo amuna anga aziyenda okha maulendo aafupi. Malipiro anga amaima m'miyezi imeneyo, koma ndimapalira munda wanga, ndimaona makope a ana, ndipo mng'ono wanga amapumako. Ndi ndalama za miyezi inayo tinakhoma malata, tinabweza ngongole ya ku banki m'khonde, ndipo mwana wathu woyamba ali ku sekondale osathamangitsidwapo chifukwa cha fizi, ngakhale kwacha inagwanso ndi 44 pa 100 iliyonse mu Novembala 2023.

Sindikunena kuti mayi aliyense asiye khasu athamangire thiraki. Amene ali ndi mwana wa m'manja adikire kaye. Amene alibe mbale wokhulupirika womusiyira ana aganize kawiri. Amene banja lawo ndi la ndewu asayese n'komwe, chifukwa thiraki siikonza banja, imangoonetsa poyera chimene chinalimo kale. Koma ngati muli ndi maso abwino, mumatha kuwerenga Chingerezi cha pa zikwangwani ndi pa mapepala a katundu, ndipo mwamuna wanu ndi munthu wotha kumva, njira ilipo ndipo lamulo silikuletsani. Yambani ndi gulu B, ndipo musachite manyazi kuyamba ndi galimoto yaing'ono yonyamula katundu wa pa msika. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Ngakhale mutapanda kufika pa EC, laisensi ya C1 ndi PrDP yake ikhoza kukupezetsani ntchito ya lole pafupi ndi kwanu, kumene mungagone m'nyumba mwanu tsiku lililonse.

Ndipo kwa inu nonse amene simudzagwirapo chiwongolero, ndili ndi pempho limodzi lochokera pa zimene ndimaona ndili pamwamba paja. Uzani ana anu kuti asawoloke patsogolo pa thiraki imene yaima, asathamangire kutola chimanga chogwa pansi pa ngolo, ndipo asagwire kumbuyo kwake ali pa njinga pokwera chitunda. Thiraki yodzaza imafuna mtunda wautali kuti iime, ndipo mwana wamfupi amene waima pafupi ndi tayala dalaivala samuona. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo woyendetsa thiraki imene ikudutsa pa mudzi panu mawa akhoza kukhala mayi ngati inu nomwe.